Thireyi ya a Bango

A Bango anabadwa m'dzinja, nthawi imene chilichonse chimakula osafunsa, ndipo iwo anatengera nyengoyo. Pofika zaka khumi ndi zinayi anali atawapitirira bambo awo ndi mutu wathunthu. Bambowo sanakondwere nazo. Tsiku lina dzuwa litapendeka, mwana wawoyo anaima pakhomo, chithunzithunzi chake n'kugwera m'mbale imene iwo ankadyera.

"Iwe," anatero bambowo osadzutsa mutu, "munthu waulemu saphimbira akulu dzuwa. Chithunzithunzi chakocho uzichisunga kumapazi kwako."

Mawu amenewo anawalowa mpaka m'msana. Kuyambira tsiku limenelo ankayenda chowerama, ngati munthu wofunafuna singano imene inatayika dzana. Anzawo ndiwo anawapatsa dzina la Bango: kutalika kwake komweko, kuwerama kwake komweko, ngakhale tsiku lopanda mphepo.

Ntchito anaipeza m'tauni, pa kampani yonyamula katundu pa malole. Analembedwa umesenjala. Maofesi anali pamwamba, chipinda chosungira mafayilo chinali pansi, ndipo pakati pake panali masitepe makumi awiri ndi anayi. Masitepe amenewo anawakwera ndi kuwatsika zaka makumi atatu ndi chimodzi, fayilo ili m'khwapa. Sanatayepo pepala ngakhale limodzi. Sanawerengeponso limodzi, ngakhale kuwerenga ankadziwa.

Ntchito yawo ina inali ya tiyi, 10 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana. Anali ndi thireyi yaikulu yachitsulo, yokwana makapu khumi ndi anayi ndi mbale ya shuga pakati. Ankainyamula m'mwamba ndi dzanja limodzi, kupitirira phewa, kuti mpweya wawo usagwere m'makapu a anthu. Mutu pansi, thireyi pamwamba. Amene ankapereka tiyi iwo asanabwere ndiye anawaphunzitsa choncho, ndipo palibe amene anawauzapo kuti asinthe, poti palibe amene ankawayang'ana. Anthu ankangopeza kapu ili pambali pa chigongono chawo, ngati yamera yokha.

Kalendala sankaifuna. Nyengo ankaidziwa ndi dzuwa lolowera pawindo la kumapeto kwa kolido. M'chisanu linkakwawa pansi mpaka pa thailosi yachisanu ndi chinayi. M'chilimwe linkabwerera pa yachitatu, fumbi n'kuyamba kukhala pa makabati. M'dzinja kolido yonse inkanunkha maambulera onyowa.

Nyale zatsopano zinabwera m'chilimwe, mitengo ya m'mbali mwa msewu itayamba kuphuka masamba ofiira mvula isanagwe n'komwe. Anabwera nazo ndi mayi wina, injiniya, wovala ovolosi ndiponso wosachedwa kuseka. Anyamata ake anachotsa mababu akale kudenga n'kuikamo ena oyera mbee, ndipo pa kompyuta iliyonse anabayapo kachipangizo kakang'ono ngati chala, kokhala ndi kagalasi kumutu.

A Bango anamubweretsera madzi akumwa. Mayiyo anawayang'ana kumaso, chinthu chimene iwo sanazolowere.

"Bambo, mukuiona babu iyi?"

"Ndikuiona, mayi. Yawala bwino."

"Ikulankhula imeneyo."

A Bango anatchera khutu mwaulemu.

"Ayi, osati ndi pakamwa," anaseka mayiyo. "Ikuphethira. Kuwala kwake kukukwera ndi kutsika kambirimbiri pa sekondi imodzi, mwaliwiro loti diso la munthu silingaone. Kuphethirako ndiye mawu ake. Kadiso aka ka pa kompyuta ndiko kamawerenga. Makalata, zithunzi, ngakhale nkhope ya munthu ali kulikulu akulankhula, zonse zizitsika ndi kuwala."

"Nanga njira ija ya kale yalakwanji?"

"Netiweki yakale ija imadutsa makoma. Anyamata a pashopu ya pansipa akhala akuonera mpira pa netiweki yanu chaka chathunthu. Kuwala sikudutsa khoma. Mukatseka chitseko, nkhani zanu zatsala m'chipinda momwemo."

A Bango anagwedeza mutu. Iwonso nkhani za m'zipinda zimenezo anali asanazidutsitsepo khoma, koma anaona kuti si ulemu kudziyerekeza ndi babu.

"Ndiye fayilo yochokera pansi ifika pano nthawi yanji?"

"Inu musananyamule phazi."

Mafayilo onse a pansi anajambulidwa n'kulowetsedwa m'makompyuta. Pakutha pa mwezi, masitepe aja anangotsala a tiyi basi. Panabweranso lamulo lakuti nyale zisazimitsidwe, ngakhale masana dzuwa likuswa mtengo. A Bango, amene anakulira m'nyumba yoti nyali ikayaka kunja kukuwala wina amalandira khofi la patsaya, ankadutsa pa switchi iliyonse dzanja ali nalo m'thumba.

Kalata yokhudza iwo inafika mvula yoyamba itagwa. Inatsika m'babu momwemo. Pa makalata onse a pa ofesipo, iyi inali yoyamba imene sanainyamule okha. Asekiletale, mayi wa pakamwa pakuthwa koma wa mtima wabwino, anawaitana n'kuwawerengera pa kompyuta. Likulu linkati udindo wa mesenjala sukufunikanso. Udzatha kumapeto kwa Marichi, pokhapokha abwana a panthambipo atapereka chifukwa chomveka chousungira.

"Ndiye abwana anenapo chiyani?" anafunsa a Bango.

"Afunsa kuti mesenjala wake uti."

"Ooh."

"Ndawauza kuti ndinu. Akuti, aa, uja wa tiyi? Musadandaule atate, bango likauma libwera linzake. Kungoti lanuli labwera la magetsi."

Kunyumba, akazi awo anamva nkhaniyi ali pa makina osokera pakhonde. Sanaimitse phazi.

"Ndiye Marichi akatha muzikhala pano?"

"Ndizikhala pano, mayi."

"Kuchita chiyani? Kundiwerengera mabatani? Inu Lamlungu lokha mumayenda m'nyumba muno ngati nkhuku yofuna poikira. Mukawauze kuti simunaume."

"Ndikawauze ndani?"

Akazi awo analuma ulusi ndi mano.

Chimene a Bango ankaopa sichinali kukhala pakhonde kokha. Ankaopa kuti adzachoka pamalo paja monga mmene anakhalirapo, popanda wozindikira, kenako tsiku lina wina adzafunse chifukwa chake tiyi wasiya kumera.

Masiku omwewo pa ofesi panabuka vuto. Netiweki ya nyale inali yaliwiro monga anailonjezera, koma kawiri pa tsiku inkadwala. Inkayamba kudula pa tebulo la pafupi ndi chitseko, kenako lachiwiri, kenako lachitatu, mpaka kukafika kuwindo. Tebulo lililonse linkafa kwa kanthawi n'kudzukanso. Makalaliki anati ndi mitambo. Wa zamalole anati ndi likulu, likutizonda. Mayi injiniya anaitanidwa kawiri, nthawi zonse cha m'ma 11 koloko, ndipo anapeza zonse zili bwinobwino. Ulendo wachitatu analawirira, n'kukhala pampando pakona, manja atapinda.

Itakwana 10 koloko, a Bango analowa, mutu pansi, thireyi pamwamba. Wa patebulo loyamba anamenya tebulo. "Yayambanso!" A Bango anamuikira kapu n'kupitirira. Wachiwiri anatsonya. Atafika pa wachitatu, mayi uja anali atagwira m'mimba ndi kuseka.

"Bambo, taimani pomwepo! Musasunthe."

Anaima.

"Yadula?"

"Yadula," anatero wachitatu.

"Bambo, tabwererani kumbuyo sitepe imodzi. Yabwera?"

"Yabwera!"

"Tapitaninso kutsogolo."

Anawayendetsa choncho kanayi, kutsogolo ndi kumbuyo, ngati akuwaphunzitsa gule, makapu akulira pa thireyi. Kenako anafotokoza. Kuwala kukangotsekedwa pang'ono, kadiso kaja kamatolabe kobwerera kuchokera kukhoma. Koma thireyi yachitsulo yaikulu ngati chitseko, ili pansi penipeni pa babu, pamwamba pa munthu wamtali chonchi, imeneyo ndi kadamsana.

Anthu khumi ndi anayi anatembenuka pamodzi. Kwa nthawi yoyamba m'zaka makumi atatu ndi chimodzi, ofesi yonse inawayang'ana a Bango. Kalaliki wina, amene anali atamwa tiyi wawo zaka zisanu ndi zinayi, anawayeza kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Aa! Kodi ndinu aatali chonchi?"

"Pepani," anatero a Bango.

Abwana anatuluka mu ofesi yawo atamva phokoso. Anali munthu wamfupi, wonenepa khosi, wa taye yothina. Atamva nkhaniyo anaitanitsa tepi yachikasu, ndipo anagwada okha n'kuimata pansi, kutsata khoma kuzungulira chipinda chonse mpaka mu ofesi yawo. Imeneyo inali njira ya a Bango tsopano. Thireyi izinyamulidwa cha m'mawondo. Pofika patebulo, aziweramira kumbali.

Choncho munthu amene anawerama moyo wake wonse anauzidwa kuti sankawerama mokwanira.

Dzinja limenelo mvula inagwa yambiri. A Bango ankakwawa m'mbali mwa khoma ngati nkhanu, thireyi ili kumawondo, ndipo anthu anayamba kuwazindikira. Akalowa, aliyense ankalondera kadiso kake ndi maso, ena n'kukuwa kuti, "Kadamsana uyo!" Madzulo akazi awo ankawathowa msana ndi nsanza yoviika m'madzi otentha.

"Anthu akuti akuchotsani mwezi wamawa, inu mukuwathyolerabe msana?"

"Ntchito ikadalipo, mayi."

"Ntchito ilipo, msana ndiwo ukutha. Tembenukani."

Lachinayi lililonse masana, abwana ankakhala ndi msonkhano ndi wamkulu wa kulikulu. Nkhope ya wamkuluyo inkatsika m'babu n'kudzaza kompyuta yonse, yooneka bwino mpaka tsitsi la m'mphuno. Kale, netiweki ili yodutsa makoma ija, misonkhano imeneyi inkadukaduka, ndipo abwana ankapumirapo. Tsopano inali yosalala ngati mafuta. Wamkuluyo ankalankhula maola awiri osasowa ngakhale liwu limodzi, ndipo abwana ankatuluka kolala itanyowa.

Lachinayi lomaliza la Febuluwale, mvula inayamba m'mawa osakata. Malole atatu a kampani anali atatitimira m'matope pa njira yachidule ya kudambo, njira imene likulu linaletsa m'dzinja. Ofesi yonse inkadziwa amene analamula kuti adutse kumeneko. Likulu lokha ndilo linali lisanadziwe, ndipo linkafuna kudziwa.

Itakwana 3 koloko, a Bango anagogoda pang'ono n'kulowa, chokwawa, kutsata tepi. Ofesi ya abwana inali ndi babu imodzi yokha, pamwamba penipeni pa tebulo. Makoma ake anali a matabwa akuda, kapeti nayo yakuda, zosabweza kuwala. Mayi injiniya anali atachenjezapo kuti pakufunika babu yachiwiri, koma abwana anakana kuti denga lawo libooledwe.

"Ndikufunsa kachitatu," anatero mawu a m'kompyuta. "Amene analamula kuti malole adutse kudambo ndani?"

"Ee, bwana, nkhani imeneyo ili ndi mbali zingapo..."

"Ndipatseni mbali imodzi. Dzina."

Abwana anapukuta chipumi. Maso awo anayendayenda m'chipindamo ngati mbalame yolowa m'nyumba, n'kukatera pa a Bango. Kenako anakwera kudenga. Kenako anabwereranso pa thireyi. Anawerama ngati akutola cholembera pansi, n'kunong'ona.

"A Bango."

Linali tsiku loyamba kuwatchula dzina.

"Bwana?"

"Msana umenewo mwauzunza kokwanira. Bwerani mbali ino. Imirirani bwinobwino."

"Bwana, tepi..."

"Tepi ndinamata ndine. Kwezani thireyi monga kale. Msanga!"

A Bango anawoloka tepi yachikasu. Anakweza thireyi kupitirira phewa. Kenako, poti bwana analamula, anawongola msana. Unalira fupa ndi fupa, ngati nkhuni zouma pothyola. Mutu wawo unakwera kufika kumene unali usanafikepo m'chipinda chimenecho, ndipo anaona pamwamba pa kabati ambulera ya abwana imene inasowa zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, mlonda n'kukalipiridwa.

Chithunzithunzi chawo chinagwera patebulo, pa kadiso kaja, ndi pa abwana omwe.

"Ndikuti amene anala—"

Nkhope ya wamkulu inauma pomwepo, pakamwa pali yasa, diso limodzi lili chotsinzina. M'chipinda munangotsala phokoso la mvula pa malata.

Abwana anapuma mpweya wautali. Anatambasula dzanja m'mwamba, a Bango n'kuwatsitsira kapu ndi dzanja linalo, thireyi osaisuntha. Anamwa tiyi pang'onopang'ono, mpaka kumutafuna. Kenako anatenga foni yawo n'kuimbira dalaivala wamkulu. Thirakitala inali itafika, lole yoyamba inali itatuluka, yachiwiri ikukokedwa. Anaimbanso kwina. A Bango anaimabe, maso ali kukhoma, thireyi ikulemera, koma m'chifuwa mukulowa mpweya wochuluka kuposa umene anauzolowera.

Patapita mphindi khumi abwana anakonza taye.

"Zikomo, a Bango. Mutha kupita."

A Bango anabwerera ku tepi. Nkhope ija inadzuka n'kutseka pakamwa.

"Pepani bwana," anatero abwana, "netiweki. Mvulayi yatisokoneza. Koma ndili ndi nkhani yabwino, malole akutuluka pamene tikulankhula pano."

Mvula inalibe mlandu. Inkagwa kunja kwa denga, babu ili mkati. Koma wamkuluyo nayenso anali munthu wokulira pa netiweki yakale, ndipo anavomera.

Lolemba lotsatira, asekiletale anaitanidwa kukalemba kalata yopita kulikulu. Atatuluka anawapeza a Bango akutsuka makapu.

"Atate, munawadyetsa chiyani abwana?"

"Tiyi yekha, mayi."

"Akuti nyale izi ndi zofunika chisamaliro cha tsiku ndi tsiku. Akuti m'chilimwe fumbi, m'dzinja tizilombo timadzaza m'magalasi. Akuti pakufunika munthu wodalirika, wofikira kudenga popanda makwerero, poti makwerero ndi oopsa. Akuti mwamwayi munthu wotere tili naye kale. Ndinawafunsa kuti uti? Akuti, a Bango, kodi simuwadziwa?"

Kalatayo inafunika umboni wa injiniya. Mayi uja anabwera, anaiwerenga, anayang'ana babu imodzi ija ya mu ofesi ya abwana, kenako a Bango.

"Fumbi limachepetsadi liwiro," anatero akusaina. "Zimenezo ndi zoona. Zinazo sindinafunsidwe."

Yankho linatsika m'babu pakati pa Marichi, mvula itayamba kuchepa. Udindo wa mesenjala unathetsedwa monga ananenera. Panakhazikitsidwa udindo watsopano wa wosamalira nyale. Anawapatsa a Bango ovolosi yatsopano, imene pambuyo pake inawathera pa akakolo atatambasula mpendero, ndi nsanza yofewa. Pansi pa tebulo la abwana panaikidwa kabelu kolira kukhitchini. Kakalira kamodzi, ndiye kuti tiyi. Kakalira kawiri, ndiye kuti tiyi wa Lachinayi.

Kunyumba sanafike akusekerera. Anakhala pakhonde, ovolosi ili pamiyendo ikadali m'pepala lake.

"Nanga nkhope yagweranji? Si ntchito mwaipulumutsa?" anafunsa akazi awo.

"Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndakhala ndikufikitsa uthenga, mayi. Palibe umene unatayikira m'manja mwanga. Anati sindikufunika. Ndatsekereza umodzi wokha, akuti ndine wodalirika."

"Mwaba chiyani?"

"Sindinabe."

"Mwanama?"

"Ine ndinangoima."

"Ndiye imani."

A Bango anayang'ana mpendadzuwa wa akazi awo umene unali utayamba kuweramitsa mitu m'mbali mwa mpanda.

"Bambo anga ankati munthu waulemu saphimbira akulu dzuwa."

Akazi awo anaimitsa makina, chinthu chimene sankachita kawirikawiri.

"Inu abambo, apongozi anga ndinawaona ndi maso angawa. Anali aafupi ngati mtondo. Aliyense ankawaphimba, ngakhale mbuzi. Lamulo lija anapangira inu nokha."

Chisanu chafika tsopano, ndipo dzuwa la pawindo lakwawanso mpaka pa thailosi yachisanu ndi chinayi. M'mawa uliwonse anthu asanafike, a Bango amapukuta mababu onse, imodziimodzi, mapazi ali pansi. Mayi injiniya akuti pa nthambi zonse zimene anaikako nyale, palibe yoyera ngati iyi, ndipo liwiro lake ndi lopambana. Likulu linalemba kalata yoyamikira, ngakhale linadandaula pang'ono za Lachinayi. Abwana anayankha kuti akuifufuza nkhaniyo. Babu yachiwiri akuikanabe.

Tepi yachikasu inamatuka yokha ndi mopu, ndipo palibe anaibwezera. Ikakwana 10 koloko, a Bango amadutsa pakati penipeni pa chipinda, thireyi pamwamba, mutu pamwamba. Makalaliki anaphunzira kukankhira makompyuta awo pambali iwo akamayandikira, ndipo poti munthu sungapatukire mnzako osamulankhula, amawapatsanso moni.

"Mwadzuka bwanji, a Bango?"

"Ndadzuka, kaya inu?"

Msana unasiya kuwawa. Pa nyumba yonseyo amawerama pamalo amodzi okha, polowa mu ofesi ya abwana. Chitseko chake ndi chachifupi.